Nyumba ya Malata ya ku Makhanga

Rabeka mwana wanga,

Ndakhala kuseri kwa nkhokwe ya mapira, poti m'nyumbamu mulibe poponda, alendo a ukwati wako adzaza mpaka pakhonde. Azakhali ako akuyesa ndikusankha nyemba, asiye ayese choncho. Pensulo iyi ndabwereka kwa aphunzitsi. Dzanja langa ukulidziwa, lidaphunzira zilembo litauma kale ndi khasu, ndiye ukapeza chilembo chagona chammbali uchidzutse wekha, usandiseke.

Ukudziwa kuti mayi salanga mwana wake za ukwati. Imeneyo ndi ntchito ya anankungwi, ndipo dzuwali likalowa akutengera m'nyumba kukakuuza zawozo. Zambiri zimene akakuuze n'zabwino, uzimvere. Koma pali chimodzi chimene chingakuphe, ndipo ine sindingaime pakati pa akuluakulu n'kumawatsutsa pamaso pa alendo. N'chifukwa chake ndikulemba. Pepalali ndilipinda m'nsalu yako yakuda ija, uliwerenge mawa m'sitima usanafike ku Makhanga. Nkhani yake ndi ya nyumba imene amuna ako a Zuze agula.

Agula! Mawu omwewo akundilemera m'kamwa. Ife tikukula nyumba sinkagulidwa ngati mbuzi. Mwamuna ankadula mitengo, n'kumweta bango ndi udzu, mkazi n'kumata, basi mwalowa. Ikakalamba mumanga ina pambali, mwini wake akamwalira ankaigwetsa. A Zuze akadakhala Mmang'anja mnzathu akadabwera kuno chikamwini, ine ndikadawalozera pomanga kuseri kwangaku, m'munsi mwa phiri la kwa Ndamera kuno kumene madzi safika, ndipo sindikadavutika ndi pensuloyi. Koma iwo ndi Asena, apereka chuma mwa mwambo wa kwao, ndiye wopita ndi iwe. Munthuyo sindikumudandaula ayi. Ndi waulemu, kachasu salawa, ntchito yake yokonza njanji amaigwira ndi mtima wonse. Chimene chandilanda tulo ndi pamene akukakukhazika.

Abambo ako atangomva kuti nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, denga la malata, adaiwala kufunsa china chilichonse. Akuyenda m'mudzi muno chifuwa patsogolo, ati mwana wanga akukagona m'malata ngati mwenye wa sitolo. Ine ndidawafunsa kuti, kodi nyumba yotero munthu wonyamula piki waipeza bwanji, pamene akapitawo ake omwe akugona m'maudzu? Adandiyankha kuti akazi inu chinthu chabwino mumachita kuchifunira chilema. Chabwino. Ndidanyamula dengu la ufa ngati mphatso ya apongozi ako, ndidakwera sitima, ndidakaiona ndi maso angawa mwezi watha uja. Iwe udauzidwa kuti ndapita kukagula mchere.

Kumeneko ine si mlendo. Iwe sukumbukira, udachokako usanadziwe kanthu. Nthawi imeneyo sitima za m'madzi zinkafika mpaka ku Chiromo, ndipo aliyense wofuna kupeza kangachepe ankalimbirana malo pagombe, pafupi ndi dooko. Amwenye adamanga masitolo, akalaliki a sitima adamanga za njerwa, ife osauka tidapanikizana m'mbali mwawo ndi tinyumba tathu ta bango, kumagulitsa nkhuni, nsomba ndi ufa kwa amalinyero. Kuti upeze pomanga pamenepo unkachita kupembedza ndi nkhuku. Kenaka Shire adayamba kuphwa chaka ndi chaka, sitima zidayamba kutsakamira pamchenga, njanji idabwera, malonda onse adasamukira kumene kuli siteshoni. Nyumba za kugombe zija zidasanduka zogonamo mileme, ngakhale mwaulere anthu sankazifuna. Lero zaukanso. Anthu othawa nkhanza za kwa Apwitikizi adzaza chigwa chonsechi, thonje laika ndalama m'manja mwa anyamata, aliyense akufuna pogona pafupi ndi njanji. Nyumba za kumtunda, za m'mbali mwa siteshoni, zakwera moti munthu wamba sangazikhudze. Ndiye eni nyumba zakale za kumunsi aja azipaka njereza n'kumazigulitsa kwa obwera, amene sadamuonepo Ruo atakwiya. A Zuze adalowa m'dziko lino mtsinje utaphwa kale. Akamati nyumbayo n'njabwino sakunama, sakudziwa basi.

Ndidafika dzuwa lili pamutu. Ukaiona kutsogolo, ee, ndi nyumba ndithu, ngakhale ine ndidaima kaye n'kugwira pakamwa. Khonde lotakata, chitseko cha matabwa chokhala ndi loko, mazenera mbali zonse. Apongozi ako adanditsegulira monyadira, ine n'kumangoti zikomo, zikomo, maso ali pakhoma. Atatuluka kukanditungira madzi akumwa, ndidapala njereza ija ndi chikhadabo kuseri kwa chitseko. Pansi pake pali mzere wa matope. Ndidapalanso khoma lina, mzere womwewo, msinkhu womwewo. Ndidaima pafupi nawo kuti ndidziyeze, ukundifika pachifuwa. Iwe ndiwe wamfupi kuposa ine, Rabeka.

Panja ndidazungulira ngati munthu wofuna kuthengo. Palibe chulu ngakhale chimodzi, palibe mlambe, palibe mtengo wakale uliwonse, ndi bango lokhalokha ndi nsenjere. Pabwalo pali mbwee zigoba za nkhono za m'madzi. Makola a nkhuku a oyandikana nanu ali pa mitengo yotalika kuposa munthu. Ndipo kuseri kwa nyumba za anthu amene adakhalitsa pamenepo kuli mabwato, mwadiya monga amanenera Asena, agona pamtunda pouma gwa, mtsinje uli kutali. Ndidapeza mayi wina wa msinkhu wanga akuwamba nsomba, dzina lawo a Chanazi, nyumba yawo ndi yoyamba ukatuluka kwanu kuloza kumadzulo. Ndidawafunsa kuti, "Bwatoli mukusungiranji kuno, mtsinje uli uko?" Adandiyang'ana kuyambira kumapazi, ati, "Inu ndinu amake mkwatibwi wa m'malatamu?" Ndidati ee. Ati, "Amadziwa kupalasa?" Ndidati nkhabe, sadziwa, adakulira kumapiri. Adangoti, "Aphunzire," n'kupitiriza kutembenuza nsomba zawo. A Chanazi amenewo ukawapatse moni tsiku lomwe wafika, ukawatengere nkhuku imodzi mwa zimene ndakupatsazo. Akakutuma uzipita mothamanga. Uwapemphe akuphunzitse nkhafi mvula isanayambe, ndipo usachite manyazi ana a pamenepo akamakuseka bwato likuzungulira nawe.

Tsono apa uwerenge kawiri. Nyumba yanu ili pa kamtunda. Ruo ali kumaso kwake, ndipo kuseri kuli khwawa louma, m'mene anthu abzala mbatata pakali pano. Njira yopita ku mtumbira umene padutsa njanji imadzera m'khwawamo, njira ina palibe, ndidafufuza. Munthu wosadziwa amayang'anira mtsinje wa kumaso. Madzi sadzera kumeneko. Ruo akadzaza amakankha Shire, madzi n'kusowa kolowera, n'kubwerera chammbuyo kudzalowa m'khwawa muja mopanda phokoso. Pamene iwe ukuti pabwalo panga mpouma, njira yatsekeka kale, uli pachilumba. Khwawa limenelo uziliyendera m'mawa uliwonse kuyambira mvula yoyamba mpaka mapira atacha. Ukaona masamba a mbatata ayamba kuyandama, imeneyo ndi nthawi yako, usadikire china.

Ine zimenezi ndidaziphunzira ndi thupi langali. Unali wakhanda, ndipo kudali ng'amba, mpaka tinkadandaula kuti mbewu zifota. Tsiku limenelo kumwamba kudali mbee, dzuwa likuswa mtengo. Popita kukatunga ndidaona madzi a mtsinje afiira, akubwera ndi zinyalala, nthochi zathunthu ndi mizu yomwe. Anzanga adayamba kutola ana awo, ine n'kumawaseka, ndikuti inu, mvula kulibe, madziwo achokera kuti? Sindinkadziwa kuti mvula ikagwa ku Mulanje, Ruo amaitutira kwa ife ngakhale kwathu kusadagwe dontho. Ndidali nditayamba kusinja, ndiye ndidati ndiyambe ndamaliza. Ufa wa tsiku limodzi, tangoganiza! Pomaliza kusinjako ndidaoloka madzi ali m'khosi, iwe ndakusenza pamutu m'lichero, ukulira, ine ndikuponda zinthu zosaoneka. Ufa uja udapita, mtondo ndi munsi zomwe. Abambo ako nkhani imeneyi amaisimba kuti anthu aseke, koma ine mpaka lero sindiseka nawo. Choncho usadzayang'ane kumwamba, mwana wanga. Uziyang'ana mtundu wa madzi, uziyang'ana nyerere zikayamba kukwera makoma zitanyamula mazira awo. Chilichonse chimene chili m'manja mwako, ngakhale mphika uli pamoto, uchisiye.

Tsiku lomwelo tidataya mbuzi zathu zonse, ndipo si madzi adazipha, ndi chingwe. Tidazisiya zomangirira pazikhomo, poopa kuti tikazimasula zikalowa m'minda ya eni ake n'kutibweretsera mlandu. Madzi ataphwa tidazipeza pomwepo, iliyonse pachikhomo chake. Za anzathu amene adadula zingwe zidakapezeka pa chulu zikudya masamba. Mpeni uzikhala nawo pamalo amodzi pafupi ndi khomo, ukamathawa udule zingwe, utsegule khola la nkhuku, zina zonse zidziwa zokha kopita. Mbewu ya mapira uziisunga m'chikho chotseka bwino, chopachika poti ungachifikire osakwera pa kanthu. Poyenda m'madzi ukhale ndi ndodo yaitali yofufuzira pansi, ndipo ukafika pouma umenye kaye udzu usanakhale, chifukwa njoka nazo zimathawira komwe kwathawira anthu. Ngati Mulungu adzakhala atakupatsa mwana, usadzamubereke kumsana pooloka. Kumsana sungaone pamene madzi amufika.

Ukuganiza kuti titapulumuka tidachoka? Tidabwerera pomwepo! Tidati tikasamuka wina atenga malo athu a padooko, ndiye tidzadya chiyani. Ulendo umenewu tidati timange yolimba, tidamata makoma okhuthala ndi dothi lakuda la makande la pomwepo, ine ndemwe ndikuponda dothilo monyada. M'chilimwe makoma adang'ambika moti unkaona munthu wodutsa panja. Madzi atabweranso, makoma aja adasungunuka ngati mchere, pamene tinyumba ta bango lokhalokha tidangolola madzi kudutsa n'kutsala chiimire. Ndikukuuza izi chifukwa a Zuze adzakuuza kuti njerwa sizigwa. Njerwazo n'zootcha inde, koma ndidatokosa ndi kamtengo pakati pake, chomangira chake ndi dothi lomwe lija, lidayoyoka m'manja mwanga. Khoma la kuseri lili kale ndi mng'alu woti n'kulowetsamo chala, adaumata ndi njereza. Nyumba imeneyo idamwapo madzi kale, sindikudziwa ngati ingapirirenso. Ndipo denga la udzu likakugwera umatuluka ndi zipsera, koma la malata limagwa lonse pamodzi ndi mitanda yake, m'mphepete mwake mukuthwa. Usadzakwere padenga, usadzakwere pamitanda ya m'kati poganiza kuti madzi akupitirira pansi.

Za kutentha sindinena zambiri, udzazimva wekha mwezi uno usanathe, m'malatamo masana muli ngati m'ng'anjo, uziphikira panja. Mphepo ya mvula yoyamba ikamabwera uziyang'ana misomali, ina ndidaiona yadzimbiri, auze amuna ako asanjike miyala padenga. Zimenezo n'zazing'ono, zimangoononga katundu.

Chachikulu n'chakuti madzi akadzabwera iwe udzakhala wekha. Ganiza bwino ntchito ya amuna ako. Mvula ikakula ndi pamene njanji imakokoloka, ndipo ndi pamene akapitawo amatenga gulu lonse kupita nalo kutali, kukagonera konko mpaka njirayo itakonzeka. Apongozi ako amakhala kumtunda, tsidya lina la njanji. Ndipo munthu amene wathira thukuta lake lonse pa malata sangakuuze kuti uwasiye, adzakuuza kuti usachoke, akuba angadzatizulire denga. Ine sindidakhale chete. Ndidatuma amalume ako, poti mpongozi sangayang'anizane ndi mkamwini n'kumakangana naye. A Zuze adayankha mwaulemu ndithu, ati, "Auzeni amayi asadandaule. Shire adafa kale, ana akumuoloka ndi miyendo. Mzere umenewo ndi wa madzi akale, a nthawi ya sitima." Amayi awo adaonjezapo awo, ati, "Kwathu mkazi wa chuma sathawa nyumba. Kuthawathawa n'kwa Amang'anja, poti amayi awo amakhala kuseri kwa nyumba." Amalume ako adabwera nawo mawuwo akuseka, ine sindidaseke. Shire waphwa inde, ndamuona. Koma Ruo madzi ake amachokera kuphiri, sapempha kwa Shire.

Mawu a apongozi akowo ndi omwenso ukamve kwa anankungwi. Akakuuza kuti mkazi satulutsa mphasa ndi miphika m'nyumba ya mwamuna mwini wake palibe, kuti wotero wathetsa ukwati ndi manja ake, ndipo abale a mwamuna ali ndi mphamvu yobwera kudzaitanitsa chuma chawo. Akakuuza kuti moto wa m'nyumba yatsopano usazime, kuti mkwatibwi sagona kunja kwa nyumba yake popanda chilolezo. Iwe ukawombe m'manja, ukavomere, usakatsutsane nawo. Malamulo amenewo ndi abwino pa mkangano wa m'banja, amaletsa mtsikana kuthamangira kwa amake chifukwa cha mawu amodzi. Koma amene adawaika sankaganiza za nyumba ya pakati pa mtsinje ndi khwawa. Pa madzi lamulo limenelo silikukhudza, wamva? Ndine mayi ako ndikukuuza.

Pali njira ina yoti upulumukire popanda kunyozetsa munthu, ndipo uiyambe msanga. Amuna ako ali ndi munda wa thonje kumtunda, kupitirira njanji. Uwapemphe akumangire kamsasa kumeneko, ka bango ndi udzu basi, unene kuti ukufuna kubzala mapira ako pambali pake n'kumawalindira ku mbalame ndi nguluwe. Usatchule za madzi, mwamuna amene wagula nyumba safuna kumva kuti wapusitsidwa. Mkazi wogonera kumunda palibe amene amati wathawa ukwati, amamutama kuti ndi wolimbika. Mvula ikakhazikika uzisamutsira kumeneko kamphika lero, kamphasa mawa, ngati zogwiritsa ntchito kumunda. Akadzaona okha madzi chaka chimodzi, pamenepo ndi pamene udzawanong'oneze kuti malata amazuka, akhoza kukafolera nyumba ina pamalo pouma, njerwazo zitsale ndi mileme yake. Ndipo mukadzafuna kuigulitsa, musadzaipakenso njereza n'kunamiza mwana wa wina.

Koma madzi akadzakupeza kamsasako kasanamangidwe, Rabeka, utuluke. Usadzatume munthu kukafunsa apongozi ako. Usadzadikire amuna ako.

Amayi ako aang'ono a Mwandida ukudziwa kuti adafa ndi madzi, koma momwe adafera anthu sakonda kukamba. Mwandida adali mng'ono wanga wopondana naye, wokongola kuposa ine, woseka ndi aliyense. Adakwatiwa ndi mmalinyero wa sitima, Msena, wa chuma ngati wakoyu, ndipo adamumangira nyumba kumunsi kwa dooko. Poti tidali pafupi, ankabwera kwathu kawirikawiri kudzakunyamula, kudzasinja nane. Apongozi ake zidawaipira. Tsiku lina adamunena pamaso pa anthu pachitsime, ati mkazi ameneyu tidangotaya chuma, nyumba yake imakhala yozizira, mwendo uli kwa achemwali ake tsiku ndi tsiku. Mwandida adalira, n'kulumbira kuti sadzamuonanso atatuluka m'nyumbamo mwamuna wake palibe. Adasiyadi kubwera kwathu.

Madzi achiwiri aja adabwera mwamuna wake ali paulendo wa sitima. Ine nditaona mtsinje wafiira sindidadikirenso, ndidakunyamula n'kuthamangira kumtunda. Nditafika ndidayang'ana m'gulu la anthu, Mwandida mulibe, apongozi ake alimo, akhala pa mtolo wawo. Ndidawafunsa, ati sitidamuone. Abambo ako adabwereka bwato n'kupalasa kupita konko, m'njira akutola ana a anthu. Adamupeza madzi ali m'mawondo m'nyumba, iye wakwera pansanja, waika makala a moto m'phale, wafukata phalelo pamiyendo kuti moto usazime. Adamuitana pakhomo, "Mlamu, tiyeni, madziwa sakuphwa lero!" Iye adati, "Alamu, eni nyumba palibe. Ndikatuluka ndi mphasa anena kuti ndathawa ukwati." Abambo ako adati siyani mphasayo, bwerani nokha. Adati, "Kafunseni kaye apongozi anga. Akavomera mudzanditenge." Mawu ake omaliza amene munthu adamva ndi amenewo.

Abambo ako akadatha kumukoka ndi dzanja. Koma mkazi wa mwini, wa chuma, kumugwira n'kumutulutsa m'nyumba ya mwamuna wake iye akukana, adaopa mlandu, ndipo bwato lidali lodzaza ndi ana akulira. Adapalasa kubwerera kumtunda, adatsitsa ana, adathamangira kwa apongozi aja. Iwo adadzuka n'kukuwa, ati, "Mukufunsa chiyani inu, kamutengeni mwanayo!" Pobwerera adapeza madzi okhaokha, denga la udzu likuzungulira pamenepo. Abambo ako adaona zimenezi ndi maso awo, n'chifukwa chake chifuwa chawo cha malatachi chikundipsetsa mtima. Mwina kunyadako ndi njira yawo yoiwalira, kaya.

Tidamupeza madzi ataphwa, m'bango, kutali ndithu kumunsi. Ndipo tamva zimene ndidamva pamaliro. Azimayi omwe aja a pachitsime, amene adaseka pamene ankanenedwa, adakhala m'siwa n'kumanong'onezana kuti koma mtsikana ameneyu adali wopusa bwanji, anzake onse akuthawa iye kukhalira chiyani. Apongozi ake adadzigwetsa pansi, akulira kuti mwana wanga, bwanji sudatuluke, ndani adakuletsa. Ndani adakuletsa! Ndidafuna kuimirira n'kuwauza, koma pamaliro sayankhula zotero. Maliro atatha ndidauza abambo ako kuti ine padooko sindigonanso, kaya kuli malonda kaya kulibe, ndipo ndi momwe tidabwerera kuno kwa abale a amayi anga.

Ndiye taona, mwana wanga. Ukatuluka adzanena kuti wathawa ukwati. Ukakhala adzanena kuti unali wopusa, koma iwe sudzakhalapo kuti uyankhe. Ine ndikuopa, Rabeka, ndikuuze poyera. Kuyambira tsiku lomwe ndidaona mzere uja chakudya sichikutsika, anthu akuyesa ndi chisoni cha mayi wokwatitsa mwana. Mawa ndidzavina, ndidzalulutira kuposa onse, palibe adzadziwe. Koma iwe udziwe.

Masamba a mbatata akayandama, dula zingwe, tenga chikho cha mbewu, itana a Chanazi, pita ku mtumbira wa njanji. Chitseko uchisiye momwe chiliri, malata awazule amene akufuna. Kumtumbirako apongozi ako akakulandira, ukhale nawo mwaulemu mpaka amuna ako abwere. Akakutembenuzira msana, utsate njanji kulowera kumwera, ubwere kuno. Usadzaope za mlandu. Mlandu ndi wa amalume ako ndi abambo ako, ndiyo ntchito yawo, akakhala pansi pa mtengo n'kukamba mpaka utatha. Akafuna wopepesa ndidzapita ndine, ndidzakwawa ndi mawondo kuchokera pa siteshoni mpaka pakhomo pa apongozi ako, ndidzawomba m'manja mpaka atatopa nane. Akafuna kuti m'mudzi muno atiseke, atiseke, ine ndakalamba, kusekedwa sikundichotsa kanthu.

Akundiitana, ati thobwa lachepa, ndiyenera kupita. Mwandida titamuvuula m'bango muja, adzukulu oika maliro adamukulunga msangamsanga m'mphasa, ndipo adandikaniza kumuona nkhope. Ndidawagwira miyendo, adati ayi mayi, simungapirire. Mng'ono wanga ndidamuika m'manda osamuona. Iwe ubwere ndi manyazi akowo, ubwere wopanda mphika, wopanda ukwati ngati kuli kotero, matope mpaka m'tsitsi, koma udzaime pakhomo panga ndikuone nkhope.

Ndine mayi ako,
Nambewe